Mpanda wa Tchalitchi ndi Kanjira ka Kuseri

Ine ntchito yanga ndi yoyeza malo. Aulemu amati ndine saveya. Amwano amati mayi wa miyendo isanu, chifukwa amandiona nditawerama kumbuyo kwa makina anga a miyendo itatu m'mbali mwa msewu, diso limodzi nditatsinzina, maminibasi akundithira fumbi. Amenewo sandidetsa nkhawa. Amene amandipsetsa mtima ndi munthu wondiuza kuti, "Pang'ono pokhapo, palibe kanthu." Mawu amenewa ndawaona akudanitsa anthu oyandikana nyumba mpaka kusiya kupemphana mchere. Ndiye tsiku limene ndinawamva akutuluka pakamwa pa amalume anga enieni, ndinadziwa kuti zinthu zafika pa mwana wakana phala.

Amalume amenewa ndi alongo awo a mayi anga. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, anaphunzitsa masamu m'masukulu a mu Lilongwe muno mpaka kupuma ntchito, ndipo ine ndinakulira m'nyumba mwawo ku Area 23 bambo anga atamwalira. Pa ukwati wanga ankhoswe anali iwowo. Ndi munthu wa malaya oyera ositasita, wosachedwa pa chilichonse, woti akanena chinthu pagulu sachibweza. Kuuma mutu kwangaku anthu amati ndinatengera kwa iwo, ndipo sinditsutsa. Chaka chimenecho mpingo wathu unawasankha kukhala tcheyamani wa komiti yomanga mpanda wa tchalitchi.

Mpandawo unkafunikadi, pamenepo ndisaname. Malo a tchalitchi chathu ndi aakulu, kumbuyo kuli bwalo limene ana amaseweramo mpira, ndipo akuba anali atatitopetsa. Lero mpopi wazulidwa, mawa mababu apita, mkuja mbuzi zadya maluwa onse a amayi abusa. Anthu anasonkha simenti ndi mtima umodzi, amuna anaumba njerwa, amayi anasenza mchenga. Inenso ndinasenza nawo, duku kumutu ngati aliyense.

Mbali yaitali ya malowo, mamita 150 kuchokera kumsewu, imachita malire ndi kanjira. Mbali ina ya kanjirako ndi makoma a nyumba za anthu, ogundanagundana popanda mpata. Kanjirako kamakathera pageti la banja limodzi lokha, ndipo kumbuyo kwa nyumba yawo kuli chigwembe cha madzi a mvula. Njira ina alibe. Bambo a m'nyumbamo ankayendetsa lole, anathyoka msana pangozi, ndipo amayendera njinga ya olumala. M'mawa uliwonse ankatuluka m'kanjirako, chikwama cha zida pamiyendo, kukakhala pansi pa mtengo wa kumsewu pafupi ndi amayi a tomato, n'kumasoka nsapato. Banja lonse limadya kuchokera pa singano imeneyo. Si a mpingo wathu, ndipo ambiri a ife tinkawadziwa chifukwa cha zidendene za nsapato zathu basi.

Ntchito yomanga anaipereka kwa mkamwini wa abusa. Ndi mmisiri wabwino, khoma lake limaima chilili, pamenepo sindimuchotsera. Mzere wa malire anauyeza yekha ndi makina obwereka. Ine sanandifunse. Ndinkauza anthu kuti sizinandikhudze, koma zinandikhudza, chifukwa makina anga amagona m'chipinda changa, nyumba zochepa chabe kuchokera patchalitchipo. Anakumba ngalande, anathira konkiriti wa maziko mbali yonse yaitali ija, ndipo amalume analengeza m'tchalitchi kuti ntchito ikuyenda bwino, anthu n'kuwomba m'manja.

Lamulungu lina tikutuluka m'mapemphero, mayi wina amene sindinkamudziwa bwino anandikodola pageti. Anali akazi awo a bambo osoka nsapato aja.

"Amayi, pepani ndakuimitsani. Akuti inuyo mumayeza malo?"

"Eya, ndimayeza."

"Tabwerani mungoona ndi maso. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma fensi iyi ikubwera kwathu."

Ndinawatsatira ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Kumsewu kanjira kanali bwinobwino, mita ndi theka, anthu awiri n'kudutsana. Koma tikuyenda ndinaona maziko aja akusendera mwakachetechete kulowa m'kanjira. Pofika pageti lawo mpata pakati pa maziko ndi khoma la nyumba unali wongokwana munthu mmodzi woonda. M'chikwama changa simusowa tepi, ngakhale Lamulungu. Mpatawo unangopitirira pang'ono masentimita 60. Ndinayeza njinga ya bambo aja, amene anali pakhonde akutiyang'ana, ndipo inali pafupifupi 70. Masiku amenewo ankadutsabe chifukwa konkiriti anali wolingana ndi nthaka, gudumu limodzi linkakwera pamwamba pake. Njerwa zikangokwera pamenepo, munthuyo watsekeredwa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinalawirira ndi makina anga dzuwa lisanatenthe, chifukwa malata ndi makoma akatentha mpweya umavina ndipo chinthu chakutali sichikhazikika m'diso la makina. Apa ndifotokoze pang'ono za ntchito yathu. Ukaima pamalo amodzi n'kutembenuka mpaka kuyang'ananso kumene unayambira, wazungulira madigiri 360. Digiri iliyonse timaigawa magawo 60 otchedwa maminiti, ndipo miniti iliyonse timaigawanso magawo 60 otchedwa masekondi. Tinthu tating'ono kwambiri, koma ngodya ili ndi khalidwe la sizasi: pamene yalumikizana ndi yopapatiza, kunsonga n'kumene yayasama. Ukaphonya ndi miniti imodzi yokha, pamtunda wa mamita 100 mzere wako wachoka kale pamalo ake ndi zala ziwiri.

N'chifukwa chake m'tauni muno, mmene munthu amamanga khoma pamzere penipeni, ife timakangana pa masekondi. Ngodya iliyonse ndimaiwerenga kawiri. Ndikawerenga koyamba ndimatembenuza diso la makina chadodolido, n'kuwazungulitsa, n'kuwerenganso. Zikasiyana ndi masekondi owerengeka ndimatenga pakati. Zikasiyana kwambiri ndimayambiranso, kaya njala ikuluma. Ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti mzere suusiya m'malere. Ukachoka pa bikoni, kamwala ka simenti kaja kokhala ndi kachitsulo pakati, uyenera kukathera pa bikoni ina yodziwika. Kumeneko timati kutseka ntchito.

Bikoni ya kumsewu inalipo, yooneka bwino. Ya kumapeto sinkaoneka, chifukwa pamalopo panali dzala la phulusa ndi mapepala a pulasitiki la zaka zambiri. Ndinaloza ndi makina pamene inayenera kukhala, ndinabwereka khasu kwa mayi aja, ndipo ndinakumba ndekha. Khasu linalira pamwala. Bikoniyo inali mkati mwa malo a tchalitchi, pafupifupi mita yathunthu kuchokera pamene anathira maziko. Ndinabwerera ku makina n'kuwerenga ngodya ya mazikowo, mbali zonse ziwiri. Inaperewera ndi maminiti makumi awiri.

Sindinathamangire kwa amalume. Ndinayamba ndaitana mwini ntchito, mkamwini wa abusa uja, kuti tikambirane awiri. Anabwera ndi makina ake obwereka aja, ndipo nditangowayatsa ndinaona pamene panagona nkhani. Makinawo anatcheredwa kuti aziwerenga digiri m'magawo 100, osati 60. Papulani ya malo a tchalitchi ngodyayo ndi madigiri 89 ndi maminiti 50. Iye anaima pa bikoni ya kumsewu, analoza bikoni ina ya mbali ya nyumba zija, anazungulitsa makina mpaka anaonetsa 89.50, n'kukhoma chikhomo. Koma 50 pa 100 ndi theka la digiri, maminiti 30 okha. Maminiti makumi awiri anatsalira m'makina, ndipo mzere unapendekera ku nyumba za anthu. Cholakwa chimenechi aliyense wa ife akhoza kuchichita. Chimene sindinamukhululukire ndi chakuti sanakafune bikoni ya kumapeto, chifukwa choopa kudetsa manja padzala.

Anazimvetsa nthawi yomweyo, si munthu wogona. Anakhala pansi pamulu wa njerwa n'kugwira mutu.

"Asisi, shuwa mwandipha. Konkiriti yense uja?"

"Sindinakupheni ine, achimwene. Kauzeni akomiti nokha, zimveka bwino zikachokera kwa inu."

"Ndikawauza. Mundipatse kanthawi, ndione poyambira."

Kanthawiko kanali koti amisiri ayambe kuyala njerwa kuchokera kumsewu. Nditaona khoma likukwera ndinapsa mtima, ndipo ndinapempha ndekha kukaonekera pamaso pa komiti.

Anandilandira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, mapemphero atatha. Munali abambo okhaokha, kupatula mayi mmodzi wolemba zokambirana. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, ndinajambula ndi choko pabolodi la Sande sukulu. Nditamaliza ndinati, "Amalume, mzerewu uyenera kubwerera pa bikoni."

"Muno mulibe amalume," anatero. "Muli a tcheyamani. Wati waphonya ndi zingati?"

"Maminiti makumi awiri, a tcheyamani."

"Osakwana n'komwe digiri imodzi?"

"Gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri."

Anaseka, ndipo enawo anaseka nawo. "Pa madigiri 360! Ine ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse. Mwana akaphonya ndi kachidutswa kotere ndimamuchonga. Pang'ono pokhapo, palibe kanthu."

"M'kope palibedi kanthu, nsonga ya pensulo imaphimba. Koma kunjaku kachidutswa kameneko kadya njira ya munthu."

Apa mkamwini wa abusa anatsokomola n'kulankhula, maso ali pansi. Anati iye akudziwa kuti masaveya akamaliza ntchito n'kupeza kuti yasiyana pang'ono, kusiyanako amakugawa pa ngodya zonse, nkhani n'kutha. Bwanji osachita zomwezo? Ndinamuyang'ana mpaka anasowa poika manja. Zimene ananenazo n'zoona, timagawadi. Koma timagawa nyenyeswa, masekondi ochepa amene ngakhale munthu wosamala chotani sangawapewe, ndipo pali malire ake a zimene zimaloledwa. Maminiti makumi awiri ndi masekondi 1,200. Ndinawauza kuti chimenecho si nyenyeswa, ndi cholakwa, ndipo cholakwa sachigawa, amachikonza.

Mkulu wina wa mpingo, wogulitsa zitsulo mumsika, ndiye anabweretsa ina. "Inu mukukhulupirira bwanji kamwala kameneko? Anthu a kuseriko anakasuntha usiku kuti akulitse njira. Timawadziwa anthu amenewa."

Pamenepo ulemu unandithera. Ndinati bikoniyo ndaiyeza kuchokera kumsewu ndipo ikugwirizana ndi pulani mpaka masekondi osakwana khumi, kutanthauza kuti ngati yasuntha ndiye yasuntha ndi njere imodzi ya chimanga. Ndinawafunsa kuti mayi wa khasu ndi bambo wosayenda angazule mwala n'kukauika pamalo olondola chonchi, opanda makina? Ngati angathe, ndiye ine ndiwalembe ntchito mawa lomwe. Mayi wolemba uja anabisa nkhope m'buku lake. Amalume anamenya tebulo.

Chimene ankafuna kwa ine chinali chimodzi. Akazi awo a bambo osoka nsapato aja anali atayamba kudandaula kwa anthu, ndiye komiti inkafuna kuti ine, saveya wa mumpingo momwemo, ndikaime kutsogolo Lamulungu n'kunena kuti mzere ndauona ndipo uli bwino. Ndinatemetsa nkhwangwa pamwala. Ndinawauza kuti mutu wanga ukhoza kuuma, koma sunafike ponama m'tchalitchi.

Madzulo ake amalume anandiitanitsa kunyumba. Azakhali, akazi awo a amalume, anandithirira tiyi n'kutuluka msanga ngati wina wawaitana panja. Ine ndinagwada pafupi ndi mpando wa amalume monga ndakhala ndikuchitira kuyambira ndili mwana.

"Pano ndikulankhula ngati malume ako," anatero. "Madzi akatayika saoleka. Simenti ija ndi thukuta la amayi amasiye, la anthu ogulitsa mandasi. Ndikaime bwanji pamaso pawo n'kunena kuti taikwirira pachabe? Munthu uja tikhoza kumamunyamula. Achinyamata a mpingo alipo, azikamutulutsa m'mawa n'kukamubweza madzulo."

"Amalume, munthu wamkulu, wa banja lake, azidikira ana a eni kuti akamunyamule ngati thumba la makala? Nanga akadwala usana, achinyamatawo ali kusukulu?"

"Ndiye ukufuna undivule pagulu?"

"Sindikufuna. Koma mzerewo ndi wolakwika."

"Ukundiyankha ine?"

"Ndikukuyankhani, amalume."

Ndinanena zimenezi ndili chigwadire, manja ndili nawo pamodzi, mawu ndikuwatsitsa. Anthu amaganiza kuti munthu wogwada ndiye wavomera. Ine ndinagwada mpaka maondo kuchita dzanzi, ndipo sindinavomere kanthu. Ndinatuluka m'nyumbamo misozi ili m'maso, chifukwa munthu ameneyo ndimamukonda, ndipo ndinaona kuti chimene chikumudya si nkhanza koma manyazi.

Kuyambira pamenepo inali nkhondo ya zikhomo. Ndinadula zitsulo, ndinazipaka penti yofiira, ndinazikhoma pamzere weniweni kuchokera kumsewu mpaka ku bikoni ya kumapeto, kuti aliyense wodutsa aone kusiyana kwake ndi maziko. M'mawa mwake ndinapeza zazulidwa. Ndinakhomanso. Anazulanso, ndipo ulendo uno anazitaya m'chigwembe. Ndinatsikira m'chigwembemo, ndinazitola, ndinakhomanso. Amuna anga anandifunsa ngati ndilibe ntchito ina, ndipo ndinawayankha kuti chitsulo ndi chotchipa kuposa mtima wanga. Kutchalitchi benchi imene ndimakhala inayamba kukhala ndi malo ambiri. Amayi ena amene tinkasenzera limodzi mchenga ankandiyang'ana ndi diso la nkhwezule, ena ankandinong'oneza panja kuti ndikunena zoona koma asatchulidwe. Nkhaniyi ndinakaitula kumaofesi oyenera, koma ndinkadziwa kuti njerwa zimakwera msanga kuposa mmene nkhani za malo zimayendera.

Khoma linkabwera, kanjira kakucheperachepera. Bambo osoka nsapato aja anayamba kudutsa manja atawachotsa pa magudumu, akazi awo akukankha kumbuyo, kuti zala zisakhulike ku njerwa. Tsiku lina ndikukhoma zikhomo zanga anaima pafupi nane. Aka kanali koyamba kuti tilankhulane zenizeni.

"Mayi, mwavutika nafe mokwanira. Amaliza liti mbali ino?"

"Loweruka. Aitana mpingo wonse kuti udzathandize."

"Chabwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka ine sindipita kuntchito."

Sanandiuze zimene ankaganiza, ndipo ine sindinafunse. Ndinali ndi zanga.

Loweruka ndinafika anthu asanachuluke. Ndinaimika makina anga pamwamba penipeni pa bikoni ya kumapeto, ndinavala chipewa changa cha kuntchito, n'kuima pamenepo. Ndinalibe choyeza. Ndinkangofuna kuti aliyense wonyamula njerwa aone pamene malire ali, ndipo aone kuti ine ndikumuona. Anthu anabwera ambiri. Amayi anandanda ndi zidebe za madzi, achinyamata ankaponyerana njerwa, kwaya inayambitsa nyimbo. Amalume anali pakati pa zonsezi ndi malaya awo oyera, akuloza uku ndi uku, ine osandiyang'ana.

Kenako geti la kumapeto linatseguka. Bambo aja anatuluka atavala jekete, tsitsi atapesa, chikwama cha zida chili pamiyendo. Anayendetsa njinga yawo okha mpaka pamene amisiri anafika ndi njerwa, n'kuima. Gudumu limodzi linagunda khoma la nyumba, linalo linali pamwamba pa maziko a tchalitchi, pamalo enieni pamene panayenera kukhala njerwa yotsatira. Anamanga mabuleki. Anatulutsa nsapato ya mwana wasukulu ndi singano, n'kuyamba kusoka.

Mmisiri amene anali kutsogolo anaima ndi njerwa m'manja. "Madala, tatipatsani mpata timange."

"Mangani, bwana. Ine sindikukuletsani."

"Nanga timanga bwanji inu muli pomwepo?"

"Mangani pamwamba panga. Mukanditsekera m'nyumba ndi chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti pano muzindiona."

Nyimbo inazilala pang'onopang'ono mpaka kunangoti zii. Mmisiri uja anaika njerwa pansi n'kupukuta manja m'thalauza. Amalume anabwera akudumpha milu ya mchenga, nkhope itachita mdima. Anauza achinyamata awiri kuti amuchotse munthuyo. Achinyamatawo anayang'anana, wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato yake chimene chinali chomanga kale. Palibe anasuntha. Akazi awo a bamboyo anali pageti, manja atapinda pachifuwa.

"Chabwino, ndimuchotsa ndekha," anatero amalume. "Akuti sadutsa? Adutsa pompano, nonse muone."

Analowa m'kanjira, anamasula mabuleki, anagwira zogwirira za njinga n'kukankha kulunjika kumsewu, kulowa pakati pa khoma la nyumba ndi njerwa zimene amisiri anali atangoyala m'mawa womwewo. Bambo aja sanalimbane nawo, anangokweza manja m'mwamba, nsapato ili kudzanja limodzi. Njinga inayenda pang'ono n'kukakamira. Chitsulo cha gudumu chinalira pakhoma. Amalume anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kukankhanso ndi mphamvu zawo zonse, ndipo matope a simenti anali asanaume. Njerwa za pamwamba zinapendekeka n'kugwera mkati mwa malo a tchalitchi, zina zinatsatira, fumbi linati kobo. Njinga inatsala pomwepo, yopanikizika, osapita kutsogolo osabwerera m'mbuyo.

Ine pa makina anga paja ndinaona zonse, ndipo sindinasangalale ngakhale pang'ono. Amalume anaima atagwirabe zogwirira zija, akupuma mwabefu, malaya oyera aja ali matope okhaokha. Mayi wina wachikulire, mmodzi wa amasiye amene amalume ankawaopera simenti yawo, anatula chidebe chake pansi, anataya madzi, anachivundikira n'kukhalapo. Wina anachita chimodzimodzi. Posakhalitsa mzere wonse wa amayi unali utakhala pa zidebe.

"Simenti tinasonkha ndife," anatero mayi wachikulire uja, osakweza mawu. "Sitinasonkhere kutsekera munthu."

Mkamwini wa abusa ndiye anayamba kuchotsa njerwa ndi manja kuti njinga imasuke, ndipo amisiri ake anamuthandiza. Itamasuka, bambo aja anathokoza mwaulemu, anabwezera nsapato m'chikwama, n'kupempha akazi awo kuti awakankhe apite kumsewu, poti makasitomala akudikira.

Amalume anayenda pang'onopang'ono kubwera pamene ndinaima. Anthu anawapatukira. Anayang'ana bikoni ili pansi pa makina anga, anayang'ana maziko, kenako anandiyang'ana ine, koyamba tsiku limenelo.

"Gumulani kuyambira pamene wanena mwanayu," anauza amisiri, mawu ali okwera kuti onse amve. Kenako anatsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Khoma zikhomo zakozo. Ukamaliza, kwanga usadzapondenso."

Ndinatenga hamala. Ndinakhoma chikhomo choyamba, chachiwiri ndinadzimenya chala, ndipo pofika chachitatu ndinali ndikulira poyera, mamina ndi misozi, anthu onse akuona. Koma chilichonse ndinachiyeza kawiri, diso la makina chowongoka ndi chadodolido, ndisanachikhome. Palibe anazulanso.

Mpanda unamangidwa pamzere wake. Kanjira ndi mita ndi theka kuyambira kumsewu mpaka pageti, ndipo bambo aja amatuluka okha m'mawa uliwonse, manja ali pa magudumu. Amalume anamaliza ntchito ya mpandawo monga tcheyamani, chifukwa si munthu wosiya chinthu panjira, kenako anatula udindo. Pasanapite nthawi anatumiza uthenga kwa ankhoswe a kuchimuna kuti banja langa lipeze nkhoswe ina, iwo atopa. Zimenezo zinandipweteka kuposa china chilichonse, ndipo zikundipwetekabe.

Anandiletsa kuponda pakhomo pawo, ndipo sindipondapo. Koma msewu wodutsa pageti lawo si wawo, malire ake ndimawadziwa bwino. Ndikamapita kuntchito ndimawapeza atakhala pakhonde ndi wailesi yawo. Ndimaima kunja kwa geti, ndimatula makina pansi, ndimapinda maondo n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, amalume?" Iwo amakweza wailesi. Ine ndimabwereza moniwo mokweza kuposa wailesiyo, mpaka oyandikana nawo amayankha m'malo mwawo, kenako ndimasenza makina anga n'kumapita. Mawa ndidutsanso.